NSENJERE PADZUWA, KOKO PAMTHUNZI

Mlimi akagulitsa mbewu zake ndi kulandira ndalama, amayamba kuganiza zokonza pakhomo. Wina amafolera nyumba ndi malata, wina amatsira simenti pakhonde, ndipo ambiri amafuna kubzala zomera zokongoletsa bwalo. Maganizo amenewa ndi abwino. Koma kumbukirani kuti kuno ku Chiradzulu malo ndi ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 350,000 m'boma laling'ono lino, ndipo mabanja ambiri amalima mpaka kuseri kwa nyumba. Choncho chomera chilichonse chimene mwachipatsa malo pabwalo chiyenera kukongoletsa ndi kukugwirirani ntchito.

M'nkhani ino tikufotokozerani za zomera ziwiri zakunja zimene zimatchuka m'mabuku a maluwa, zotchedwa plume grass ndi hosta. Tikuuzani chifukwa chake simuyenera kutayirapo ndalama, ndiponso zomera zathu ziwiri zimene zingalowe m'malo mwake.

PLUME GRASS NDI HOSTA

Zomera ziwirizi ndi zokhalitsa. Mukabzala kamodzi zimaphukira zokha chaka ndi chaka. Kupatula pamenepa, zimasiyana pa china chilichonse.

Plume grass ndi udzu wautali wa mtundu umodzi ndi nzimbe. Kwawo ndi kumwera kwa Ulaya, kumpoto kwa Africa ndi mbali zina za Asia. Akatswiri amautcha Saccharum ravennae, potengera dzina la mzinda wa Ravenna ku Italy. Umamera mothithikana pamalo amodzi, ndipo ukamasula umatalika mamita 3 kapena 4. Pamwamba pake pamakhala ngayaye zotuwa zonga nthenga. Amene munaonapo nzimbe zitamasula mwaudziwa kale maonekedwe ake. Udzu umenewu umafuna dzuwa la tsiku lonse, ndipo ukagwira umapirira chilala. Masamba ake ndi akuthwa m'mbali, amacheka manja.

Hosta ndi chomera chachifupi cha masamba aakulu. Kwawo ndi ku Japan, China ndi Korea. Dzinali linaperekedwa mu 1812 polemekeza katswiri wa zomera wa ku Austria, Nicolaus Host. Anthu amamukondera masamba ake obiriwira, ena a mizere yoyera kapena yachikasu, amene amaphimba nthaka ngati ambulera. Hosta amafuna mthunzi, nthaka yachonde ndi chinyezi chosatha. Dzuwa lamphamvu limawaula masamba ake. Mdani wake wamkulu ndi nkhono, zimene zimaboola masambawo usiku.

Eni minda ya maluwa ku Ulaya ndi ku America salimbana kuti chabwino ndi chiti. Udzu amaubzala poyera pamene dzuwa limawomba, hosta amamubzala pansi pa mitengo ndi kuseri kwa nyumba. Phunziro limeneli ndi lofunika kwa ife. Koma zomera zenizenizo n'zosayenera kuno.

CHIFUKWA CHAKE SIZIYENERA KUNO

Hosta amafuna kugona chaka chilichonse. Kwawoko nyengo yachisanu ikafika masamba onse amafa, ndipo mizu imakhala m'nthaka yozizira ngati m'firiji kwa mwezi wathunthu kapena kupitirira. Akapanda kugona chotere amaphuka mofooka, chaka chinacho n'kufookeratu mpaka kutha. Kuno chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimatizunza ndithu, makamaka m'munsi mwa phiri la Chiradzulu, koma masana kumafunda, ndipo nthaka siizizira kufika pamene hosta amafuna. Mukagula hosta, mwagula chomera chimene chidzakusangalatsani kanthawi kochepa chabe.

Vuto la plume grass ndi lina. Udzuwu sufuna chisanu chotere, koma umabala njere zambirimbiri zimene zimauluka ndi mphepo. M'madera ena a kumadzulo kwa dziko la America unathawa m'minda ya maluwa ndi kudzaza m'mbali mwa mitsinje, ndipo anthu amachita kuuzula. Udzu wina wofanana nawo wotchedwa pampas, wochokera ku South America, boma la South Africa linauika m'gulu la zomera zowononga. Ife tili nacho kale chitsanzo chathu. Namasupuni amene amatseka madzi mu mtsinje wa Shire ndi kusokoneza makina a magetsi anachokeranso ku South America, ndipo anthu anamufalitsa m'maiko chifukwa cha kukongola kwa duwa lake. N'chifukwa chake lamulo sililola kulowetsa mbewu kapena chomera m'dziko muno popanda chilolezo cha Unduna wa Zamalimidwe. Mbale wanu wa ku Joni akafuna kukubweretserani njere m'chikwama, mukanireni mwaulemu.

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zomera zogwira ntchito ya plume grass ndi hosta tili nazo kale. Udzu wa padzuwa ndi nsenjere. Chomera cha masamba aakulu cha pamthunzi ndi koko.

NSENJERE

Nsenjere ndi udzu wa kuno ku Africa. M'mabuku a zaulimi imatchedwa Napier, potengera dzina la Colonel Napier wa ku Bulawayo, amene anaitchukitsa ngati chakudya cha ng'ombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ikasiyidwa osadulidwa imatalika mamita 3 kapena kuposera, ndipo mvula ikamatha imatulutsa ngala zaubweya zonga za mchewere, pakuti ndi pachibale ndi mchewere. Ngala zake si zazikulu ngati za plume grass, koma mzere wa nsenjere wosamalidwa bwino umaoneka bwino kumalire kwa bwalo, umatchinga mphepo ndi fumbi, ndipo umabisa bafa ndi khola kwa odutsa m'njira.

Alimi a ng'ombe za mkaka a m'boma lino ndi a ku Thyolo amaidziwa bwino nsenjere, chifukwa ndiyo chakudya chachikulu cha ng'ombe yodyetsera m'khola. Mbuzi nazo zimadya. Ngati mulibe chiweto, mnzanu amene ali ndi ng'ombe angathe kugula kapena kusinthanitsa ndi manyowa. Mapesi ake okhwima amamangira mpanda ndi kuyala pathandala.

KOKO

Dzina loti koko timatchulira zomera ziwiri zofanana. Ndi bwino kuzisiyanitsa chifukwa zimafuna malo osiyana.

Mtundu woyamba unachokera ku Asia. Tsamba lake limalendewera pansi, ndipo phesi limalowa m'kati mwa tsambalo, osati m'mphepete. Umenewu ndi umene mumauona m'madimba ndi m'mbali mwa mitsinje monga Mombezi ndi Namadzi. Umakonda madzi ambiri.

Mtundu wachiwiri unachokera ku maiko otentha a ku America. Tsamba lake ndi losongoka ngati muvi, ndipo phesi limagwira pamphanda penipeni pa tsambalo. Umenewu umapirira mthunzi kwambiri, monga pansi pa nthochi, koma sufuna madzi odikha. Pokongoletsa pakhomo, mtundu wachiwiriwu ndiwo wosavuta.

Masamba a koko ndi aakulu kuposa a hosta, obiriwira bwino, ndipo amaphimba malo amdima amene maluwa ena amakana. Kuwonjezera apo, pansi pake pali chakudya. Koko wophika ndi wabwino pomwera tiyi, ndipo masamba anthete ndi ndiwo.

KUYEREKEZA ZIWIRIZI

1. Dzuwa. Nsenjere imafuna dzuwa tsiku lonse. Pamthunzi imaonda ndi kugwa. Koko amakondwa ndi dzuwa la m'mawa ndi mthunzi wa masana.

2. Madzi. Nsenjere ikagwira imapirira chilimwe, ngakhale imasiya kukula ndi kuuma nsonga mu Seputembala ndi Okutobala. Koko akasowa chinyezi amafota masamba, ngakhale pansi pake amakhalabe wamoyo mpaka mvula itabwera.

3. Nthaka. Zonse ziwiri zimadya kwambiri ndipo zimafuna manyowa. Nsenjere imamera ngakhale pamalo otsetsereka. Koko amafuna dothi lofewa ndi lakuya.

4. Mizu. Mizu ya nsenjere ndi yambiri ndipo imaluka nthaka kuti isakokoloke. Mizu ya koko ndi yosazama ndipo siingagwire malo otsetsereka. Ntchito ya koko ndi kumwa chinyezi ndi kuteteza dothi ku madontho a mvula ndi masamba ake.

5. Ntchito. Nsenjere imafuna chikwakwa kawirikawiri. Mukaileka imasanduka tchire. Koko amangofuna kupalira, kuphimbira ndi kuthirira m'chilimwe.

6. Adani. Nsenjere imadyedwa ndi ziweto zoyenda zokha, ndipo ikauma imagwira moto. Koko amafukulidwa ndi nkhumba, ndipo amaola ngati mtundu wosafuna madzi wabzalidwa polowa madzi.

Mwaona kuti palibe chimene chingalowe m'malo mwa chinzake. Funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti, malo awa akufuna chiti?

YAMBANI MWAYANG'ANA BWALO LANU

Musanakumbe dzenje, tulukani panja tsiku limene kukugwa mvula yamphamvu ndipo muone kumene madzi akupita. Alimi ambiri sadziwa kuchuluka kwa madzi ochokera padenga la malata. Tiyeni tiwerengere. Denga la mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi likalandira mvula ya mamilimita 25 limakhetsa malita 1,200. Amenewa ndi madiramu 6 a malita 200, pamvula imodzi yokha. Bwalo losesedwa tsiku ndi tsiku ndi louma gwa, silimwa madzi. Madzi onsewo amathamangira kumunsi, amakumba kangalande m'njira, ndipo pakapita zaka zingapo kangalandeko kamakhala chigwembe chodutsa m'munda mwanu kapena mwa mnzanu.

Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anagumula mapiri ndi kupha anthu m'boma lino. Tisanamizane, mzere wa udzu sungaletse phiri kugumuka. Koma zigwembe zambiri za m'midzi mwathu zimayambira pakhomo, ndipo zimenezo udzu ungathe kuziletsa zikadali zazing'ono.

Mukatha kuona njira ya madzi, onaninso dzuwa m'mawa, masana ndi madzulo. Kenaka gawani bwalo lanu motere:

Kumunsi kwa bwalo, kumene madzi amatulukira ndipo dzuwa limawomba, bzalani nsenjere mopingasa chitunda.

Kuseri kwa nyumba, pansi pa nthochi, m'mbali mwa mthunzi wa mango kapena mapeyala, ndi pamene pamathera madzi a padenga, bzalani koko.

Dziwaninso kuti mbali ya kumwera kwa nyumba ndiyo imakhala ndi mthunzi nthawi yaitali m'miyezi yozizira, chifukwa dzuwa limadzera chakumpoto. Mbali imeneyo imasunga chinyezi ndipo ndi yabwino kwa koko.

KABZALIDWE KA NSENJERE

1. Bzalani mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale.

2. Tengani mbewu kwa mnzanu amene nsenjere yake ndi yathanzi. Pewani zitsa zopinimbira za masamba achikasu ndi ang'onoang'ono, chifukwa matenda a nsenjere amayenda ndi mbewu.

3. Dulani mapesi okhwima m'zidutswa za mfundo zitatu. Zikani chopendeketsa, mfundo ziwiri m'nthaka, imodzi pamtunda, maso atayang'ana kumwamba. Mungathenso kugawa chitsa chakale ndi kubzala mphukira za mizu.

4. Siyani masentimita 60 pakati pa mapando. Ngati mukubzala mizere iwiri, italikirane masentimita 90. Pofuna kutchinga madzi, thithikanitsani mapando mumzere.

5. Thirani manyowa owola bwino m'phando lililonse, ndipo muziwonjezera mukadula.

6. Yodyetsa ziweto idulidwe ikafika m'chiuno kapena pachifuwa, ndiye kuti mita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Ikapitirira apo imalimba ndipo ng'ombe zimangosankha masamba. Siyani chitsa cha masentimita 10 mpaka 15 kuti iphukirenso.

7. Ngati mukufuna ngala zokongoletsa, siyani zitsa ziwiri kapena zitatu osadula, monga za pachipata. Zina zonse muzidula. Zosiyidwazo muzidulenso zikayamba kuuma.

Nsenjere imalanda chakudya ndi madzi kwa mbewu zoyandikana nayo. Siyani mpata wa mita imodzi pakati pa nsenjere ndi mzere woyamba wa chimanga, nandolo kapena fodya. Pa akalozera a m'kati mwa munda ndi bwino kubzala vetiva, amene mizu yake imalunjika pansi ndipo salimbana kwambiri ndi mbewu. Koma m'malire mwa munda wa chimanga nsenjere ili ndi ubwino wina. Akatswiri a bungwe la icipe ku Kenya anapeza m'zaka za m'ma 1990 kuti agulugufe a kapuchi amakopeka kuikira mazira pa nsenjere, ndipo mbozi zambiri zimafera momwemo osafika pachimanga.

KABZALIDWE KA KOKO

1. Bzalani ndi mvula yoyamba, mu Novembala kapena Disembala. Pamalo a chinyezi mungathe kubzala nthawi ina iliyonse.

2. Mbewu ndi ana a m'mbali, kapena mutu wa koko wamkulu wodulidwa pamodzi ndi kachidutswa ka mapesi.

3. Kumbani dzenje lakuya masentimita 20, sakanizani dothi ndi manyowa, ndipo kwirirani mbewu masentimita 10. Mapando atalikirane masentimita 60 mpaka 90.

4. Talikirani khoma la nyumba ndi mita imodzi. Chinyezi chimene koko amakonda chimawononga maziko, makamaka a nyumba ya zidina. Pogwera madzi a padenga yalani miyala, ndipo kumbani kangalande kopititsa madziwo ku koko.

5. Phimbirani ndi masamba a nthochi kapena udzu wouma. M'chilimwe thirirani madzi otsukira ndiwo ndi mbale, koma asakhale a mafuta kapena sopo wambiri.

6. Unjikirani dothi m'tsinde pamene koko akukula kuti abereke bwino.

7. Koko amakhwima pakatha miyezi 9 mpaka 12, masamba akayamba chikasu. Kuti malowo asakhale pambalambanda, musazule zonse. Fukulani m'mbali, chotsani ana aakulu, siyani make ndipo kwirirani. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu zulani zonse, thirani manyowa ndi kubzalanso.

CHENJEZO

Moto. Nsenjere youma imayaka ngati udzu wofolera. Musaibzale pafupi ndi chigafa cha fodya, nkhokwe, khitchini kapena nyumba ya udzu. Siyani mpata wa mamita 10, ndipo Ogasiti asanathe dulani zouma zonse. Mlimi amene fodya wake wapsa chifukwa cha udzu wokongoletsa wataya thukuta la chaka chonse.

Njoka ndi makoswe. Chitsa cha nsenjere chosadulidwa ndi nyumba ya makoswe, ndipo pamene pali makoswe njoka sizichedwa. Muzilambula pansi pake.

Kuyabwa. Koko wosaphika ndi masamba ake zili ndi timinga ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timayabwa ndi kutupitsa m'kamwa ndi pakhosi. Phikani mpaka apse bwinobwino, ndipo auzeni ana kuti asatafune tsamba kapena phesi lake.

Zofanana ndi koko. M'matauni mumagulitsidwa maluwa a masamba onga a koko, ena a mawanga ofiira ndi oyera. Amenewo si chakudya. Musawabzale pamodzi ndi koko wodya kuopa kuti mwana wotumidwa kukathyola ndiwo angasokoneze.

Udzudzu. Koko amafuna dothi lonyowa, osati chithaphwi. Madzi akadikha masiku angapo pafupi ndi nyumba mumaswana udzudzu wa malungo. Kwirirani maenje onse. Ndiponso koko wodya asabzalidwe pafupi ndi chimbudzi.

KWA INU OKHALA M'MAESITETI

Ena mwa inu mumati, ndibzalirenji pamalo amene si anga? Funsoli ndi lomveka. Yankho lake ndi lakuti zomera ziwirizi sizili ngati mtengo wa mango umene umadikiritsa zaka. Nsenjere yobzalidwa mu Disembala imadulidwa koyamba pakatha miyezi itatu kapena inayi. Koko amapereka masamba a ndiwo m'nyengo yomweyo ya mvula, pamene ndalama zili kutali. Mbewu yake simugula, mumapempha kwa mnzanu. Ndipo tsiku losamuka mungathe kunyamula ana a koko m'thumba ndi mtolo wa mapesi a nsenjere kukabzala kwanu.

Koma musanabzale, kambiranani ndi mwini esiteti kapena kapitawo, makamaka za nsenjere. Akuonetseni malo amene sadzalimidwa ndiponso otalikira zigafa. Ngati malo a pakhomo ndi ochepa kwambiri, yambani ndi koko. Mapando asanu kuseri kwa nyumba akukwanira.

ZOYENERA KUCHITA MWEZI UNO NDI MIYEZI IKUDZAYI

Okutobala: sonkhanitsani manyowa, kumbani maenje, ndipo pemphani mbewu kwa anzanu.

Novembala ndi Disembala: onani njira ya madzi, bzalani koko, kenaka nsenjere.

Januwale mpaka Epulo: palirani, bwezerani pamene sipanamere, yambani kudula nsenjere.

Meyi mpaka Julayi: phimbirani koko ndi kuyamba kuthirira.

Ogasiti ndi Seputembala: dulani nsenjere youma, tetezani ku mbuzi ndi moto, fukulani koko wokhwima.

Ntchito imeneyi isakulepheretseni kusamala munda wanu, pakuti ndalama zili kumunda. Ndi ntchito ya madzulo, imene amayi, abambo ndi ana angathandizane. Ngati simukudziwa kumene mungapeze mbewu yabwino ya nsenjere kapena vetiva, kapena mukufuna thandizo poyeza mzere wopingasa chitunda, funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu.